Amuna anga akukana uphungu, akuti iwo si amisala

Okondedwa Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala mumzinda wa Blantyre. Ndikulemba chifukwa cha amuna anga, amene asinthiratu kuchokera pamene namondwe wa Freddy anatigwera mu Malichi 2023, tikukhala ku Chilobwe. Pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche, nyumba yathu inapulumuka, koma ya mlamu wanga, mng'ono wawo, imene inali chakumtunda, inakokoloka. Amuna angawa anakumba m'matope ndi khasu masiku atatu mpaka anapeza thupi la mng'ono wawoyo, ndipo pamaliro sanagwetse msozi, moti anthu ankawatama kuti ndi mwamuna wolimba mtima.

Tinasamukira kudera lina, koma mvula ikangoyamba kulira pamalata iwo amadzuka, kuvala nsapato, n'kukhala pakhomo mpaka mbandakucha. Amabwebweta kutulo, amakwiya msanga ndi phokoso la ana, ndipo ntchito yawo ya ukalipentala akuigwira mwa apo ndi apo. Kale sankamwa, koma tsopano akuti popanda kachasu tulo sabwera. Chimene chandichititsa mantha n'choti mwezi watha anandiuza kuti zikanakhala bwino akanafa ndi iwo m'malo mwa mng'ono wawo, popeza ndi iwo amene anamupezera malo omangapo nyumbayo.

Ine ndikukhulupirira kuti uphungu ungawathandize, chifukwa unandithandizapo. Nditabereka mwana wathu womaliza ndinkangolira popanda chifukwa, chakudya sichinkandikomera, ndipo ndinkadziona ngati mayi wolephera. Namwino wina kusikelo ndiye anazindikira, n'kunditumiza kwa mlangizi wa za maganizo. Sanandipatse mankhwala alionse. Tinkakumana kamodzi pa sabata, ndipo anayamba ndi kundimvetsera osandidula mawu, kenako anandithandiza kutchula mavuto anga limodzilimodzi, kusankha limodzi limene ndikanatha kulichitapo kanthu, ndi kugwirizana chimene ndikachite tisanakumanenso. Anandiphunzitsanso kulifunsa ganizo loipa ngati lili ndi umboni, m'malo mongolivomereza. Poyamba ndinkaona ngati n'kutaya nthawi, koma patapita milungu ingapo ndinayambiranso kupita kumsika ndi kukwaya. Pambuyo pake ndinamva kuti ku Zimbabwe dokotala wina, Dixon Chibanda, anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench, yophunzitsa agogo aakazi kuthandiza anthu mwa njira yofanana ndi imeneyi atakhala pabenchi kunja kwa chipatala, ndipo ndinadziwa kuti chimene ndinalandira chinali chithandizo chenicheni, osati macheza wamba.

Vuto n'lakuti ndikatchula zimenezi, amuna anga amapsa mtima. Kwa iwo uphungu ndi umene munthu amalandira pokayezetsa magazi, ndipo ukapitirira pamenepo ndiye kuti munthuyo wazungulira mutu ndipo ayenera kupita ku chipatala cha amisala ku Zomba. Akuti zanga zija zinali za azimayi, mwamuna salira, ndipo sangakaulule za kukhosi kwa mlendo amene mawa akazifalitse. Apongozi anga akuti mzimu wa malemu sunagone, choncho tipite kwa sing'anga, pamene azimayi a kumpingo akuti tilimbikire kusala kudya ndi kupemphera. Pemphero sindikulinyoza, ndipo ndimapemphera tsiku lililonse, koma sindikuona chifukwa chake munthu sangapemphere uku akulandira chithandizo, monga timachitira ndi malungo.

Azakhali, ndithandizeni. Kodi ndiyambe bwanji nkhaniyi kuti asaone ngati ndikuwanena kuti ndi amisala? Ndaganizapo zodzera kwa ankhoswe, koma ndikuopa kuti aiona ngati nkhani ya mowa chabe n'kungowadzudzula, zimene zingawatseketse pakamwa kwambiri. Kodi n'kololedwa kuti ine ndiyambe ndapita ndekha kwa mlangizi kukafunsa mmene ndingakhalire nawo, kapena kutero n'kuwachitira zinthu kumbali?

Ndikufunanso kudziwa ngati uphungu umene ndinalandira ine ndi womwewo umene umathandiza munthu amene anaona zoopsa zotere. Ndimamva kuti pa vuto ngati lawoli munthu amathandizidwa kufotokoza zimene anaona pang'onopang'ono mpaka zitasiya kumuzunza, koma ndikuopa kuti kukumbutsidwa matope aja kungawaonjezere ululu. Kodi mowawo ayambe asiya asanayambe uphungu, kapena zonse zimathandizidwira pamodzi, ndipo kodi padzafunikanso mankhwala? Ndikudziwa kuti a St John of God amathandiza pa matenda a maganizo ndi uchidakwa ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, koma kumeneko n'kutali kwa ife amene ndalama zathu n'zongokwanira ufa ndi lendi, choncho ndikufuna kudziwa khomo loyenera kugogoda kuno ku Blantyre, makamaka kumene angakumane ndi mlangizi wachimuna amene adzasunge chinsinsi.

Koposa zonse, ndiuzeni chochita akadzanenanso mawu aja okhudza imfa, chifukwa tsiku limenelo ndinangokhala chete, ndipo mvula ya chaka chino yayandikira.

Ndine,
Mayi wodandaula,
Blantyre