Bilali si dzina lachiyao ayi

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndiyankhulepo za maina, chifukwa kuno ku Zomba anthu ambiri, ngakhale Asilamu anzanga amene, akamva Bilali, Saidi kapena Jafali amangoti awa ndi maina achiyao basi. Ayi ndithu, ndi achiarabu, anabwera ndi amalonda achiswahili ochokera kugombe, ndipo mafumu ngati Makanjira atalowa Chisilamu cha m'ma 1870 mainawa anafalikira mpaka kufika kuno kwa Malemia. Ka "i" kakumapetoko ndiye ndi kathu, lilime lathu silifuna mawu othera m'malere.

Ine langa ndi la Bilal. Pachiarabu limachokera ku mawu otanthauza kunyowetsa, chinyontho, timadzi tofewetsa kukhosi. Wina aseka kuti mwana mpaka kumutcha chinyontho? Koma kumbukirani kuti kwawoko ndi kuchipululu, amene anaona Chilwa itaphwa mu 2018 mabwato ali gwaa pamatope osweka sangafunsenso kuti dzinali likukoma pati.

Chimene chinalitchukitsa ndi munthu, Bilal ibn Rabah, wobadwira ku Mecca cha m'ma 580, mayi ake Hamama anali ochokera ku Abyssinia komwe lero timati Ethiopia, ndiye kuti wakuda ngati ife tomwe. Anali kapolo wa Umayya ibn Khalaf ndipo atalowa Chisilamu bwana wakeyo ankamugoneka pamchenga wotentha dzuwa lili paliwombo nkumusanjika chimwala pachifuwa kuti akane, iye osatekeseka, amangoti "Ahad, Ahad", kutanthauza kuti Mulungu ndi mmodzi, mpaka Abu Bakr, mnzake wa Mtumiki Muhammad, anamugula nkumumasula. Atasamukira ku Medina mu 622, Mtumiki Muhammad anasankha iyeyu kukhala woyamba kuitana anthu ku swala (mapemphero achisilamu), ndipo mu 630 Asilamu atalanda Mecca ndi yemweyu anakwera pamwamba pa Kaaba, nyumba yopatulika ya ku Mecca, nkuitana adhana, kuitanira anthu ku swala kuja, mabwana omwe ankamuyesa katundu aja ali pansi kumvetsera. Anamwalira ku Syria cha m'ma 640.

Ndiye zimandiwawa kuona anyamata athu a ku Chinamwali ndi Songani akangolowa sekondale dzina lija alibisa, pa Facebook asanduka Billy, ati Bilali ndi lachimidzi. Sindikuwada kwenikweni anawa, palibe anawauzapo. Tsiku lopereka dzina timatanganidwa ndi mbuzi ndi mpunga, shehe atchula dzina, tadya, tabalalika, agogo ake okha ndi amene mwina amadziwa kuti mwana watengera ndani.

Pempho langa kwa mashehe athu ndi loti pa mwambowo muzitengako mphindi zochepa kufotokozera makolo tanthauzo ndi mbiri ya dzinalo mu Chichewa kapena Chiyao, osati Chiarabu chokhachokha. Ndipo inu olemba m'kaundula kusukulu, muziyamba mwafunsa kholo kalembedwe kake, mwana mmodzi asamakhale Bilal pa chiphaso, Bilali pa lipoti, kwinaku Bilale.

Wowerenga wanu,
Chinamwali, Zomba