Tifufuze mbiri ya Landon Cheek, mkamwini wa ku Mbombwe

Akonzi,

Ndiloleni ndikambepo za munthu amene dzina lake silimveka kawirikawiri pa 15 Januwale, pamene timakumbukira M'busa John Chilembwe. Munthuyu ndi M'busa Landon Cheek, munthu wakuda wa ku America amene anabadwira ku Mississippi mu 1871. Mpingo wa National Baptist Convention unamutumiza ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, mu 1901 kudzathandiza ntchito ya Providence Industrial Mission. Ali kuno anakwatira Rachel, wachibale wa Chilembwe, ndipo anabwerera kwawo mu 1906. Pa mwambo wa chikamwini, ana obadwa m'banja lotere ndi mbumba ya kuchikazi, choncho mbiri ya bamboyu ndi makolo ake ikutikhudza ndithu.

Wofuna kulondola mzere wa munthu ngati ameneyu ayambire m'mabuku a kalembera, amene boma la America limachita zaka khumi zilizonse ndipo limawatsegulira anthu pakapita zaka 72. Chikalata cha kubadwa asachiyembekezere, chifukwa Mississippi inayamba kulemba ana obadwa m'chigawo chonse mu 1912. Kalembera wa 1880 ndiye wothandiza kwambiri, popeza amasonyeza ubale wa munthu aliyense ndi mwini nyumba komanso kumene makolo ake anabadwira. Wa 1890 ambiri mwa mapepala ake anawonongeka ndi moto umene unabuka ku Washington mu 1921, motero wofufuza amadumpha zaka 20 kukafika pa wa 1900, umene unalemba mwezi ndi chaka chimene munthu anabadwa.

Vuto lenileni lili kumbuyo kwa 1870. Chaka chimenecho ndi choyamba pamene anthu omasulidwa ku ukapolo mu 1865 analembedwa m'kalembera ndi mayina awo. Mu 1850 ndi 1860 akapolo ankangowerengedwa pansi pa dzina la mbuye wawo, n'kulembapo zaka, mtundu wa khungu, ndiponso ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Apa wofufuza amakakamizika kupeza kaye dzina la mbuyeyo, kenako n'kuwerenga mawilo (zimene munthu amalemba zonena mmene chuma chake chidzagawidwire akadzamwalira) ndi zikalata zogawira chuma cha masiye m'makhoti a m'maboma, m'mene anthu analembedwa pamodzi ndi ziweto, mtengo wa aliyense uli pambali pake. Ndi zowawa kuwerenga, koma kawirikawiri dzina la mayi ndi ana ake limapezeka m'menemo. Zolemba za Freedmen's Bureau, bungwe limene boma linakhazikitsa mu 1865 kuti lithandize anthu omasulidwa ku ukapolo, zili ndi maukwati ndi mapangano a ntchito, ndipo banki ya Freedman's Savings, imene inagwa mu 1874, inkalemba makolo ndi abale a wosunga ndalama. Chenjezo langa n'lakuti kufanana kwa dzina si umboni wa ubale, chifukwa ena omasulidwa anatenga dzina la mbuye, pamene ena anadzisankhira latsopano.

Zambiri mwa zolembazi zikuwerengeka kwaulere pa intaneti kudzera pa FamilySearch. Ndikupempha aphunzitsi a mbiri yakale m'mayunivesite athu kuti apatse ophunzira awo ntchitoyi, ndipo zimene angapeze aziyerekeze ndi zimene zili ku National Archives ku Zomba komanso zimene akuluakulu a ku Mbombwe akukumbukira za Rachel ndi mwamuna wake.

Wowerenga wanu,
Blantyre