Kodi matendawa analowa ndi ndani m'nyumba mwanga?

Azakhali,

Ndikulemba usiku ana atagona, bambo awo sanabwerebe kuchokera ku Limbuli. Ndimathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Mulanje, ndili ndi ana atatu komanso pakati pa miyezi isanu.

Zinayamba ndi kuyabwa kumaso. Kenako chikazi chinasintha, chachikasu mobiriwirako, cha thovu, fungo lake ngati nsomba yoonongeka, pokodza kuwotcha. M'munda ndinkatalikirana ndi anzanga kuopa kuti amva fungo. Apongozi anati ndi mauka, anandipatsa mizu yotawasira, koma sizinasinthe.

Kusikelo namwino anatenga chikazi ndi kathonje n'kupita nacho ku labu. Anati pamakina oonera tizilombo apeza kachirombo kotchedwa Trichomonas kakuyendayenda, ndipo kamafala pogonana. HIV ndi chindoko sanandipeze nazo. Anandipatsa mankhwala a Flagyl ndi kapepala koti abambo apite akalandire mankhwala, ndipo tisagonane mpaka tonse titamaliza.

Kapepalako abambowo anakang'amba pamaso panga. Akuti iwo sakumva kupweteka paliponse, ndiye wabweretsa matenda ndine. Ine? Chikhalirecho namwino ananena kuti amuna ambiri sasonyeza zizindikiro, kachiromboka kamatha kukhala miyezi osadziwika. Mwamuna yemweyu anatenga ndalama zanga za banki m'khonde, zomwe ndinasungira feteleza, n'kugula foni. Foniyo anaitseka ndi nambala, amapita nayo ngakhale kubafa, koma ine ndikapempha ya sopo amati ndimawononga ndalama. Pali zina zinachitika chaka chatha iwo atakhalitsa ku Milange, sindingazilembe pano, koma amene anayamba kutaya banjali si ine.

Chikundiwawa kwambiri n'choti anauza mayi awo, tsopano mudzi wonse ukundiyang'ana ngati woyendayenda.

Ndithandizeni. Kodi mwamuna angayezedwe bwanji matendawa ngati alibe zizindikiro? Kuyezako kungasonyeze amene anayamba kudwala? Kapena mwina ndinawatenga kubafa komwe timasamba anthu ambiri? Namwino anandiuza kuti matendawa angachititse mwana kubadwa masiku asanakwane kapena wochepa sikelo, ndipo ndikagonanso ndi abambowa osamwa mankhwala ndidzadwalanso. Ndiwakane bwanji pamene akuti ndi ufulu wawo? Kwa ankhoswe ndikayamba ndi mawu ati, poti ankhoswe awo ndi achimwene awo enieni?

Mayi wodandaula,
Mulanje