Dandaulo pa crankshaft ya Honda CG125 imene munandigulitsa

Kwa a Manejala,

Bwana, ndalemba kalatayi chifukwa ndafika kawiri kushopu kwanu ku Lilongwe ndipo maulendo onse awiri ndabwerera pakauntala, anyamata anu akuti inu mwatuluka. Ine kwathu ndi ku Mponela. Sindingamangolipira minibasi kudzaona chitseko chotseka cha ofesi yanu.

Mwezi wathawu ndinagula kwa inu crankshaft yathunthu ya njinga yamoto ya Honda CG125, chitsulo chija chimene pisitoni imazunguza m'kati mwa injini, yomangidwa kale ndi con rod (mkono wolumikiza pisitoni ku crankshaft) ndi ma bearing ake, komanso seti ya magasiketi. Mnyamata amene anandithandiza anaika ziwiri pakauntala, ina yotchipa, ina yodula pafupifupi kawiri, n'kunena kuti yodulayo ndi orijino. Ndinamufunsa kawiri konse. Ndinatenga yodulayo chifukwa ndimadziwa pamene chitsulo chimenechi chimakhala. Lisiti ndili nalo, katoni yakenso ndinasunga.

Mwina inu mumangogulitsa, simunamangepo injini, choncho mundilole ndikufotokozereni. Pa njinga imeneyi pisitoni, maring'i, ngakhale silinda yonse munthu amasintha injini ili pafelemu pomwepo. Koma crankshaft ili pakatikati. Kuti uifike uyenera kutsitsa injini yonse ndi kuing'amba pakati. Njingayi inali ya malemu bambo anga, ndipo ndimaikonza ndekha pakhonde chifukwa ndikaisiya kugalaja ndimapeza mabawuti ena asinthidwa. Loweruka lija ndinadzuka mbandakucha, kukhetsa oyilo, kuchotsa mpando ndi thanki, ekizozi, kabureta, waya wa kilachi, mawaya a magetsi, tcheni, ndi chitsulo chopondapo mapazi chimene chimamangidwa kunsi kwa injini. Nati imodzi ya ekizozi inali itadyedwa ndi dzimbiri, inanditengera ola lathunthu ndikuithira palafini. Kenako mabawuti ogwira injini, akutsogolo, apamwamba pa hedi, ndi aatali akumbuyo aja. Lomaliza silituluka injini ikalendewera, ndiye mphwanga anaikweza pang'ono ndi mtengo ine ndikuligogoda. Tinaitsitsira pa chiguduli, yolemera kuposa theka la thumba la chimanga.

Zotsatira zake ndi ntchito ya wekha ndi mtima wako. Puller, chida chochotsera flywheel (gudumu lachitsulo la kunsonga ya crankshaft), ndinachita kubwereka kwa makaniko wa pa trading, chimodzimodzi sipanala ya mano anayi yomasulira sefa ya oyilo yozungulira ija ili mbali ya kilachi. Mabawuti ndi mawashala ndinaika m'thireyi ya mazira, bowo lililonse ndi kapepala kake, ana ndi nkhuku ndikuthamangitsa. Gasiketi yakale ndinapala ndi lezala pang'onopang'ono kuopa kukanda aluminiyamu. Masiku atatu anatha ndisanabwezere injini pafelemu, ndipo kubwezera n'kovuta kuposa kutsitsa, poti mabowo sakumana pokhapokha ulowetse mabawuti onse kaye usanamange ngakhale limodzi. Mavavu ndinatchera pa 0.08 mm, ndinathira oyilo watsopano, ndinaponda kiki kangapo pulagi nditachotsa kuti oyilo ayambe wayenda. Italira ndinatsegula chivundikiro cha pamwamba n'kuona oyilo akufika ku ma rocker, tizitsulo totsegula mavavu. Mtima unakhala m'malo.

Ndinayenda nayo mosamala, osapyola 50 pa ola, ulendo wa ku Madisi ndi kubwerera. Pobwerera, ndisanafike n'komwe kunyumba, inayamba kugogoda pansi ngati munthu akukhoma msomali m'chitini. Ndinazimitsa pomwepo n'kuikankha. Nditamasula chotsekera cha oyilo, kasefa kawaya kamene kamakhala kuseri kwake kanali ngwee ndi tizitsulo tonyezimira.

Ndiye kutsitsanso injini, zonse zija kuyambira pachiyambi. Big end, pamene con rod imagwira crankshaft, ndinaipeza itapsa, itasanduka yabuluu, con rod ikusewera kukwera ndi kutsika pomwe siyenera kusewera ngakhale pang'ono. Ndikudziwa chimene mukuganiza, chifukwa ndi chomwe mnyamata wanu anandiyankha osayang'ana n'komwe chitsulocho: akuti ndinayendetsa yopanda oyilo. Oyilo analimo, ndipo pampu ndi yabwino. Pa injini imeneyi oyilo amachoka m'sefa yozungulira ija, kulowa kunsonga ya kumanja kwa crankshaft, kudutsa m'kabowo ka m'kati mpaka kukatulukira pa big end. Ndinatenga sirinji, ndikupopera oyilo kunsonga ya crankshaft yakale, ija ya bambo anga yotha kale: oyilo anatuluka m'mbali mwa con rod. Ndinachita chimodzimodzi ndi yanuyi: anangobwerera n'kundithira kumaso. Ndinayesa ndi mpweya wa pampu ya matayala, zii. Njira ya oyilo ndi yotseka, kaya opanga anakhoma pini ya big end mabowo osayang'anizana, kaya bowolo sanaboole mpaka kumapeto. Makaniko amene anandibwereka zida anayesanso yekha ndipo anapeza zomwezo. Katoni yokongola, zilembo zofiira, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kulakwa kwanga ndikuvomera kumodzi: ndikanayesa ndi sirinji ndisanamange. Sindinatero chifukwa ndinakhulupirira mawu a munthu wanu akuti orijino, ndipo ndinalipira mtengo wa orijino.

Chimene chinandipweteka kwambiri si chitsulocho ayi. Ndi mmene anandilandirira. Anandilozera chikwangwani cha pakhoma chakuti katundu akatuluka sabwezedwa, wina n'kuwonjezera akuseka kuti madala, njinga za makedzana n'zofunika kungozipumitsa. Pogula paja njinga yanga sinali ya makedzana. Ndipo crankshaft si nsapato yoti uyesere m'shopu momwemo. Ubwino kapena kuipa kwake kumadziwika itamangidwa ndi kulizidwa. Mukakana kulandira katundu chifukwa wamangidwapo, ndiye kuti palibe crankshaft yoipa imene ingabwerere kwa inu mpaka kalekale.

Pempho langa ndi ili. Mundibwezere ndalama yonse ya crankshaft monga ilili pa lisiti. Ina ya mtundu womwewo sindikuifuna, pokhapokha tiiyese ndi sirinji pakauntala panu ine ndikuona. Mundibwezerenso ya magasiketi ndi oyilo, popeza gasiketi ya hedi ndi yapakati sizibwerezedwa zikamangidwa kamodzi, ndipo oyilo uja ndinataya ali ndi tizitsulo. Masiku anga asanu ndi limodzi, mathiransipoti, ndi ndalama imene ndikulipira akabaza kupita kumunda sindikuwerengera, ngakhale ndikanatha kutero. Ndikupemphanso kuti zotsala za mtundu umenewo m'shopu mwanu muziyese musanagulitse wina, makamaka anyamata a kabaza amene amadyera pa njinga.

Ndidikira yankho lanu kwa masabata awiri kuchokera tsiku limene mulandire kalatayi. Mukapanda kuyankha ndikatula nkhaniyi ku Competition and Fair Trading Commission, pamodzi ndi lisiti, katoni, zithunzi za kasefa kaja, ndi ma crankshaft onse awiri. Sirinjinso ndidzatenga.

Ine kasitomala wanu,
wa ku Mponela