Chilengezo: Loweruka tikaona tizikumbu ta mapiko aafupi

Abale ndi alongo a m'gulu lathu la okonda zachilengedwe kuno ku Joni, Loweruka likubwerali tikumana pa geti la Delta Park nthawi ya 9 koloko m'mawa. Bweretsani kabotolo kotseka bwino ndi galasi lokulitsa zinthu ngati muli nalo.

Tikafuna tizikumbu ta banja la Staphylinidae, dzina lomwe Latreille analipereka mu 1802. Mitundu yodziwika ya banjali imaposa 60,000, ndipo akatswiri akutulukirabe ina. Mukaona kachikumbu ka banjali koyamba mungati ndi nyerere yaitali. Mapiko ake olimba a pamwamba ndi aafupi kwambiri, moti mbali yaikulu ya mimba imakhala pamtunda, ndipo mapiko owulukira amapindidwa bwinobwino pansi pake. Mukakaputa kamatukula kumbuyo ngati chinkhanira, koma mbola kalibe.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti mtundu watsopano sudziwika ndi maonekedwe a kunja okha. Katswiri amatulutsa chiwalo choberekera cha kachikumbu kamphongo, n'kuchiyerekeza ndi cha mitundu ina pa maikulosikopu. Chikasiyana, amalemba zonse, n'kupereka dzina la mawu awiri, ndipo kachikumbu komwe anayeza kamasungidwa kumyuziyamu, monga ya Ditsong ku Pretoria.

A m'gulu amene mumagwira ntchito m'magadeni, chonde samalani ndi kachikumbu ka banja lomweli kotchedwa Paederus, kofiira ndi kwakuda. Osakaphwanyira pakhungu, madzi ake amatulutsa matuza. Kapemerereni kachoke.

Kamba aliyense adzitengere yekha.