Kalata kwa mnzanga wa ku Johannesburg, za chala chotupa chija

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ndalemba chifukwa cha zimene munandiuza zija, kuti munadzidzimuka pakati pa usiku chala chachikulu cha kuphazi chitatupa, chikutentha ndiponso chikuwawa moti ngakhale chofunda chikakhudza simunathe kupirira, kenako patatha sabata ululu unazilala wokha. Zimenezi zandidetsa nkhawa, pakuti umu ndi mmene matenda a gauti amayambira, ndipo malemu bambo anga anavutika nawo zaka zambiri ife tikumangoti ndi nyamakazi ya ukalamba.

Gauti imabwera pamene asidi wotchedwa uric acid wachuluka m'magazi. Impso ndi zimene zimamutulutsa kudzera mu mkodzo, koma zikamalephera kumutulutsa mokwanira, amaundana n'kusanduka timiyala tosongoka ngati singano m'malo olumikizirana mafupa. Anthu amakonda kunena za kanyenya, chiwindi, mowa ndi zakumwa zotsekemera, ndipo n'zoona kuti zimenezi zimaputa matendawa. Komabe nthawi zambiri gwero lake limakhala kumtundu, kunenepa kwambiri, kufooka kwa impso, kapena mankhwala a BP okodzetsa monga hydrochlorothiazide. Ngati ndi amene mumamwa, chonde musawasiye panokha, koma muwatchule kwa adokotala.

Chimene ndikufunitsitsa kuti mumvetse ndi cha kayezedwe. Kuyeza magazi kokha sikokwanira, chifukwa pa nthawi imene chala chikuwawa, mlingo wa asidiyu ukhoza kuoneka wabwinobwino, ndipo alipo ena amene asidi wawo ndi wochuluka koma sanadwalepo gauti. N'chifukwa chake madokotala amayezanso pakadutsa masabata awiri kapena kuposerapo ululu utatha. Njira yotsimikizika ndi kupopa timadzi pamalo potupapo ndi jakisoni n'kutiona pa maikulosikopu, ndipo imathandizanso kudziwa ngati palowa tizilombo, vuto loopsa limene limafanana kwambiri ndi gauti. Kutupako kukadzabwera limodzi ndi kutentha thupi, mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

Musanyengeke poona kuti ululu watha, achimwene. Bambo anga anadzatuluka timibulu tolimba m'zala ndi m'zigongono, pomaliza anadwalanso miyala ya mu impso. Mundiuze zimene adokotala apeze, ndipo mundiperekere moni kwa alamu.

Ine mnzanu wa kalekale