Lipoti la msonkhano wa kasino ku Rohnert Park

A Wapampando ndi abale nonse, munandituma kuti ndikamve zimene anansi athu otsutsa kasino akunena tisanasainire kalata yawo. Ndapita, ndamva, ndipo nazi zimene ndabwera nazo.

Nkhani ili pa malo a maekala 254 pomwe akufuna kumanga kasino kuno ku Rohnert Park, m'dera la Sonoma ku California, kumadzulo kwa msewu wa 101, m'mbali mwa Wilfred Avenue. Boma la America linawalandira mu 2010 kuti liwasunge m'dzina la Federated Indians of Graton Rancheria, omwe ndi a Coast Miwok ndi a Southern Pomo, eni nthaka a kuno. Mu Marichi chaka chino cha 2012 bwanamkubwa wa California Jerry Brown wasainira pangano lowalola kuika makina a juga okwana 3,000. Poyamba, mu 2003, ankafuna kumanga pafupi ndi Sears Point, koma anthu atadandaula za madambo akumeneko anasamukira kuno.

Za magalimoto ndi zitsime zinakambidwa, koma chimene chinatenga nthawi yaitali ndi kanyama kotchedwa California tiger salamander. Kamaoneka ngati buluzi koma ndi kachibale wa chule, kakuda, kamawangamawanga achikasu. Mayi wina wopenda zachilengedwe anationetsa chithunzi kali m'dzanja lake, kakudzaza chikhatho chonse, mchira ukulendewera. Pafupifupi chaka chonse kamakhala pansi m'mauna a mfuko ndi agologolo. Kamatuluka usiku wa mvula kupita kukaswa m'zithaphwi zomwe zimadzaza m'dzinja n'kuuma m'chilimwe, ndipo kamatha kuyenda mtunda woposa kilomita imodzi. Kuuma kwa zithaphwizo ndiye chitetezo chake, chifukwa nsomba zodya ana ake sizikhalamo. Ukathira phula pakati pa una ndi chithaphwi, wadula mbewu. A kuno ku Sonoma ndi odzipatula kwa anzawo onse, ndipo ali pamndandanda wa zamoyo zotsala pang'ono kutha kuyambira 2002. Ndinamva chisoni ndithu.

Koma pali china chimene chinandiwawa, ndipo sindikubisirani. Bambo wina anaimirira n'kuyamba kukayikira ngati anthu a Graton ndi mtundu weniweni, ena n'kumuombera m'manja. Anthuwa lamulo la 1958 ndi lomwe linatsegula njira yowafufuta m'kaundula wa boma, ndipo anabwezeretsedwa mu 2000 atavutika zaka zambiri, motsogozedwa ndi a Greg Sarris. Chigwa cha Santa Rosa sichinathe zithaphwi chifukwa cha iwo. Zinakwiriridwa ndi nyumba, misewu, masitolo ndi minda ya mphesa, kuphatikizapo nyumba zimene enafe tikuchita lendi lero. Nditanena zimenezi m'holomo munati zii kwa kanthawi, kenako gogo wina wa tsitsi la mbuu anabwera kudzandigwira chanza.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Kalata yawo momwe ilili tisasainire, chifukwa ndime yachiwiri ikukana umwini wa anthu a Graton, ndipo ife odziwa kuwawa kwa nthaka yolandidwa sitingaike dzina lathu pamenepo. Koma tisangokhala chete ayi. Tilembe yathu yopempha kuti zithaphwi zotsala ndi njira zoyendamo kanyamaka zisiyidwe, kuti madzi ochokera pamalo oimika magalimoto asathamangire m'dambo lalikulu la Laguna de Santa Rosa osasefedwa, komanso kuti muyezo womwewo ugwire aliyense womanga m'chigwachi, kaya ndi mtundu kaya kampani ya nyumba.

Ena mwa inu mwandiuza kuti mukuyembekezera ntchito kumeneko. Ndikumvetsa, nanenso ndili ndi ana akusukulu. Bwerani Loweruka mudzanene zimenezo poyera, kalatayo ndibwera nayo tidzaikonze limodzi tikatha kudya.